Thanki Yotsuka ndi Sopo

Lonjezolo analinena ataima pakhomo la nyumba ya m'malaini a esiteti, m'chaka cha 2003, chikwama chili kale paphewa. Dixon anali atangokankhira njinga yake yamoto kuchipinda kwa achemwali ake, a Teleza, n'kuifunditsa matumba a feteleza. Njingayo anaigula kwa kalaliki wina wa pafakitale amene ankasamuka, ndipo anali atangoikwera miyezi itatu. Amayi awo anamwalira njinga isanabwere. Pa ulendo wa kumaliro ku Thekerani lole inawatsitsa panjira, ndipo a Teleza, amene anamuphunzitsa Dixon sukulu ndi dengu la tiyi kumsana, anakafika pasiwa wapansi, mapemphero atayamba kale.

"Tsiku lovundukula chiliza cha amayi simudzayendanso pansi, achemwali," anatero Dixon. "Ndidzakukwezani pa njinga iyi mpaka pamanda penipeni, anthu aone. Mungondisungira. Ku Joni sindikachedwako, miyezi isanu ndi umodzi basi."

"Ndiye ndiyambiretu kuphunzira kakhalidwe kake," anaseka a Teleza. "Miyendo mbali imodzi, kapena chotang'adza ngati mwamuna?"

Anabwera patatha zaka makumi awiri ndi chimodzi, Lamulungu lina la mwezi wa Julaye, atamera imvi m'ndevu. Abale a ku Thekerani anali atatopa kudikira mwini mbumba amene sabwera. Chiliza anamanga okha, n'kutumiza uthenga pa foni kudzera mwa Rachel, mwana wa a Teleza, kuti achivundukula Loweruka, kaya amalume alipo kaya palibe. Uthengawo unamupeza Dixon galaja imene ankagwirako ntchito itatsekedwa, mapepala ake atatha mphamvu kalekale. Zimenezi sanauze munthu. M'chikwama mwake munali masipanala, malaya atatu, ndi chitini chimodzi cha mankhwala omatira m'kati mwa thanki.

Thyolo amene anamusiya sanamupeze. Phiri linali litametedwa mpaka pamwamba. Nthochi zimene kale zinkatsekera njira, zimene ankadya mpaka kuzida, zinali zitatha ndi matenda. Chosasintha chinali tiyi yekha, wobiriwira mwaulemu ngati kapinga wa pabwalo la mabwana, ndi misana ya anthu yowerama m'menemo. Koma chimene chinamupweteka kwambiri chinali pa siteji. Njinga zamoto, zimene m'masiku ake zinali za alangizi ndi makalaliki akuluakulu, zinali mbwee, zokwera anthu ovala masilipasi, zikulimbirana akatundu a makala. Mmodzi anamukoka malaya n'kumutcha madala.

A Teleza anali atapuma ntchito. Ankakhala pa kamalo kawo cha ku Kapichi, kumalire ndi esiteti, m'nyumba ya zipinda ziwiri. Chipinda chimodzi munkagona iwo. Chinacho munkagona njinga.

Lolemba m'mawa Dixon anaitulutsira pabwalo. Kunja inali yoyera mochititsa manyazi, utoto wofiira ukuwala ngati wogula dzulo, ngakhale matayala anali ataphwa n'kung'aluka. Za matayala sanadandaule. Thanki ndiyo ankaidalira, chifukwa tsiku lonyamuka anaidzaza petulo mpaka pakamwa, podziwa kuti chitsulo chomira m'mafuta sichichita dzimbiri. Ankayembekezera kupeza petulo wowola, wonunkha ngati vanishi, ndi kadzimbiri pang'ono kumwamba.

Atatsegula chotsekera, m'thankimo munatuluka fungo la ndowa yakale. Anaimasula, n'kuigwedeza pafupi ndi khutu. Inalira ngati muli mchenga. Ataipendeketsa, pansi panakhuthukira fumbi lofiira lodzaza manja awiri, lofanana ndi fumbi la tiyi limene amasesa pafakitale.

"Achemwali, petulo amene ndinasiya muno anapita kuti?"

A Teleza anali pakhonde, akusenda chinangwa. "Petulo? Akapitawo anati m'nyumba za kampani sasungamo moto. M'nyumba muli koloboyi, muli mwana. Anatenga anyamata a makina odulira udzu."

"Ndiye munatseka?"

"Kutseka chinthu chonunkha? Ndinatsuka."

"Munatsuka ndi chiyani?"

"Ndi madzi otentha ndi sopo, nanga ndi chiyani. Chaka ndi chaka, Khirisimasi ikamayandikira, tsiku lokwecha mapoto. Ndinkathira, n'kugwedeza njinga yonse, n'kutsegula kampopi ka pansiko. Ndikatha ndinkasiya potsegula kuti muzipita mphepo. Sindinaphonyeko chaka, ngakhale chija ndinathyoka mwendo."

Dixon anayang'ana fumbi lija pansi, kenako anayang'ana mayi amene anamulera. Akanatha kukhala chete. Koma zaka makumi awiri zotukwanidwa m'galaja ya eni zinali zitamuphunzitsa kuti wolakwitsa pa chitsulo amauzidwa pomwepo.

"Mwakhala mukuthirira chitsulo ngati mpiru wa kudimba. Mphepo ya kuno ndi madzi okhaokha, inu n'kusiya potsegula. Mwaipha ndi manja anu njingayi. Bola mukanangoitaya kukhola la mbuzi n'kuiiwala."

A Teleza anamaliza kusenda chinangwa chimene chinali m'manja, n'kuchiponya m'beseni.

"Unati miyezi isanu ndi umodzi, Dixon. Ya miyezi isanu ndi umodzi ndinaisunga bwino. Zaka zinazo unandilembera kalata ya kasungidwe kake? Atandichotsa m'malaini ndinaikankha ndekha kufika nayo kuno, anthu akundifunsa ngati ndaba. Ogula abwera pano angati, ndinawabweza onse. Uzindiuza zina."

Dixon anatembenukira ku thanki ija. Anatola timiyala ta mumsewu, n'kusakaniza ndi manati ndi mabawuti akale, n'kuthira zonse m'thanki. Anatseka pakamwa ndi chiguduli, anaikulunga m'bulangete, n'kuyamba kuigwedeza. Anagwedeza mpaka dzuwa kufika pamutu, kukhuthula, kuthiranso, kugwedezanso. Phokosolo linkamveka mpaka kutsidya kwa khwawa, ndipo amayi ochokera kodulira tiyi ankaima pamsewu kufunsana ngati kwa a Teleza kwabwera chigayo. Madzulo mapewa ake anali ngati omenyedwa. Fumbi linkatulukabe.

Mawa lake anakankhira njinga yopanda thanki kumsika, kwa Maulidi, mnzake wa kusukulu amene tsopano ankakonza njinga za kabaza pansi pa mtengo wa bulugamu.

"Eee, a Joni afika," anatero Maulidi osadzuka pamene anakhala. "Anzanu amabwera ndi galimoto yokoka ngolo, inu mwabwera kudzafukula agogo awa?"

"Agogo awa adzaika m'manda tinjinga tako tonseti. Ndikufuna matayala, pulagi, ndipo utsuke kabuleta. Ndi petulo, osati ndi sopo."

"Nkhani ya sopoyo tinaimva kale. Ifetu tinkawaona achemwali anu akuchapa. Tinkati mwina ndi malangizo a ku Joni."

"Ndiye osawauza bwanji?"

"Kuwauza a Teleza za njinga ya mlongo wawo? Inuyo munayesapo?"

Kuchokera apo anazungulira magolosale atatu kugula viniga yense amene anamupeza, mpaka mayi wina wogulitsa anamufunsa ngati akutsegula chiwaya cha tchipisi. Kunyumba anatseka kampopi, anadzaza thanki ndi vinigayo, n'kuikhazika pamthunzi kuti agone m'menemo. Ku Joni akanagwiritsa ntchito asidi wa m'botolo lolembedwa bwino, ntchito ya ola limodzi. Kuno ankaviika chitsulo m'viniga ngati achale a mango.

Lachitatu anakhuthula. Vinigayo anatuluka wakuda ngati madzi a m'chithaphwi. Atatsukuluza ndi madzi a soda n'kusuzumira, mtima wake unakhala pansi koyamba chifikireni: chitsulo chinali chotuwa, choyera, chopanda banga. Ndiye anainyamula kulozetsa kudzuwa kuti aonetsetse kumakona. Pansi pa thankiyo panaoneka timadontho ta kuwala, ngati denga la malata akale masana. Anawerenga timabowo khumi ndi kamodzi. Dzimbiri limene anavutika nalo masiku awiri ndi limene linkatseka mabowowo.

Atapita nayo kumsika, Maulidi anawotcherera timabowoto kamodzikamodzi, akuimba mluzu. Atamaliza anati, "Bwerani muone agogo anu." Anapachika botolo la petulo pachiwongolero, n'kulumikiza kapaipi kuchokera m'botolo kupita ku kabuleta. Anaponda kasanu. Kachisanu ndi chimodzi njinga inatsokomola, inalavula utsi wabuluu, kenako inayamba kulira ndi mawu omwe aja, okhuthala, amene Dixon ankawamva m'tulo ku Joni. Anyamata a kabaza anatembenuka onse.

"Injini ilibe mlandu," anatero Maulidi atazimitsa. "Tsono mverani. Thanki yanuyi ndi ya sabata yamawa. Mankhwala anuwo ndikuwadziwa, safuna changu, ndipo taonani kumwambaku. Timange chigubu cha malita asanu apa pamsana ndi malamba a chubu, kapaipi kutsika, basi. Mukafika ku Thekerani n'kubwerako. Theka la njinga zimene mukuziona apazi zinayendapo choncho."

"Chigubu cha mafuta ophikira?"

"Chachikasu. Mukafuna ndikupezerani choyera, cha ulemu."

"Ine sindinakhale zaka makumi awiri pa ntchito imeneyi kuti ndizikamanga zigubu."

"Ndiye munakhalira chiyani, akulu?"

Dixon ananyamula thanki yake n'kumapita. Funsolo linamutsatira njira yonse. Ku Thekerani kukakhala azakhali, asuweni, alamu, onse amene kwa zaka zonsezi ankauzidwa kuti malume ali ku Joni, akukonza zinthu. Adzayang'ana nsapato zake. Adzayang'ana m'manja mwake. Adzaona kuti pa chiliza palibe njerwa yake ngakhale imodzi. Chinthu chokha chimene chikanawatseka pakamwa chinali njinga yofiira, yathunthu, yowala, ikuima pamanda ndi a Teleza kumbuyo. Pa chigubu chachikasu chomanga ndi chubu akanawerengapo mbiri yake yonse asanatsike n'komwe.

Chiperoni chinafika madzulo omwewo. Chinatsika m'mapiri mwakachetechete, chinameza mizere ya tiyi, chinameza mitengo, mpaka nyumba ya aneba inasowa. Sinali mvula yoti n'kuthawa. Kanali kamvula kowaza kaja konyowetsa munthu osadziwa, kolowa m'bulangete ndi m'mafupa. Thanki inkafunika kuuma gwa mankhwala asanalowe, koma pasanathe ola chitsulo choyera chija chinali chitayamba kale chikasu. Anatsukuluzanso ndi sipiriti. Anapempha mbaula ya a Teleza, n'kukhala pansi akutembenuza thanki patali ndi makala ngati akuwamba nyama. A Teleza anaphikira panja tsiku limenelo, m'chifunga.

Lachinayi masana anatsegula chitini. Mankhwalawo anali otuwa ngati siliva, olemera ngati phala la mwana. Anawathira onse, anatseka, n'kuyamba kutembenuza thanki pang'onopang'ono, chammbali, chafufumimba, chagada, kuti phalalo lifike pena paliponse. Apa manja ake ankadziwa okha chochita, ndipo kwa kanthawi anaiwala zonse. Anakhetsa lotsala, anapisa kaudzu pabowo la kampopi kuti lisatsekeke, n'kuikhazika pa njerwa ziwiri kuchipinda. M'kati munali mosalala ngati m'kapu yatsopano. Inali ntchito yabwino. Sanagwirepo ina yoposa imeneyo.

Pachitinipo panalembedwa kuti pasalowe petulo mpaka patatha masiku anayi, ndipo amenewo ndi masiku otentha. Petulo akalowa msanga, phalalo limasupuka ngati khungu la njoka n'kukatseka kabuleta, ndipo thanki yotero siikonzekanso. Dixon anawerenga zala. Lolemba.

"Phala lako lapsa?" anafunsa a Teleza ali pakhomo.

"Likupsa."

"Loweruka likhala litapsa?"

"Tiona mmene kunjaku kuchitire."

Lachisanu kunabwera lole yotenga amayi okaphika. Rachel, mwana kumbuyo, thumba la nandolo pamutu, anaima pabwalo kuwachonderera amayi ake.

"Tiyeni tipitire limodzi, amayi. Malo alipo kutsogolo, ndawapemphera kale kwa adalaivala. Mwendo wanuwo ndi kuzizira kuno."

"Pita. Ine ndibwera ndi amalume ako."

"Amalume, njingayo ichoka koma?"

Dixon anali atawerama pa tcheni. "Injini ikulira bwino," anatero. Sanali kunama.

Lole itapita, a Teleza anasita nsalu ya yunifolomu imene banja linagula pa mwambowo, n'kuipachika pa chingwe m'nyumba. Kenako anatuluka, n'kuzungulira njinga yopanda thanki ija, imene Maulidi anali ataibweretsa ndi matayala atsopano. Anagwira chishalo. Anakweza mwendo wodwala uja pang'ono, n'kuutsitsanso.

"Ndikhala mbali imodzi," anatero. "Ndi mwendowu sindingatang'adze."

Maulidi sanabweretse njinga yokha. Pakhonde anasiyapo chigubu choyera, kapaipi, ndi malamba a chubu odula kale bwinobwino. Dixon anachita ngati sanazione.

Loweruka kunacha chifunga chikadalipo. Dixon analowa kuchipinda, anapisa chala m'thanki, n'kukhudza pansi. Chala chinakanirira. Pochichotsa panatsala chidindo cha mizere ya chala chake pa siliva uja. Anaima choncho nthawi yaitali, akupukuta chalacho pa buluku.

Atatuluka anapeza a Teleza atakhala kale pa mpando pakhonde, atavala yunifolomu, duku lomanga bwino, nsapato zakutchalitchi, kathumba pamiyendo. Anamuyang'ana kumaso, kenako chala.

"Silinapse," anatero iwo.

"Kuzizira uku. Likanakhala dzuwa, mwina."

"Chigubu chili apo."

"Achemwali, tamverani. Kuli anthu kumeneko. Kuli azakhali, kuli alamu aja olankhulalankhula. Tikafike pa chigubu, pamaso pa mudzi wonse, pa chiliza cha amayi? Akatiseka mpaka chaka chamawa."

"Akaseka ndani? Ine anandiseka kale, ndinazolowera. Ankati Teleza anakwatiwa ndi njinga, amagona nayo nyumba imodzi. Zaka zonsezi anyamata a kabaza amandiimira pamsewu, agogo kwerani, ine n'kukana. Kuchipatala ndi mwendo uwu ndinkapita wapansi. Ndinkati yoyamba kukwera idzakhala ya kwathu. Chigubu chimandichotsera chiyani ine? Ndikhala kumbuyo, sindichiona n'komwe."

"Si nkhani ya inu nokha."

"Ndikudziwa. Ndikufunsa kuti ndi nkhani ya ndani."

Dixon anayang'ana chigubu chija. Inali ntchito ya mphindi khumi. Ankadziwa pomanga, ankadziwa polumikiza, ankadziwa kuti malita asanu akwana kupita, ndipo obwerera akagula komweko. Anafika mpaka pogwira lamba mmodzi wa chubu, n'kumukoka kuyesa mphamvu yake. Anali wolimba. Ndiye anaona m'maganizo mwake pamanda paja, anthu akutembenuka atamva kulira kwa injini, maso awo akutsika kuchoka pa nkhope yake kupita pamene pamayenera kukhala thanki. Anaubwezera pansi lambayo.

"Lolemba likhala litauma," anatero. "Ndidzakutengani bwinobwino, thanki ili pamalo pake. Tikaone chiliza awiriwiri, popanda phokoso la anthu. Ndi bwinonso choncho. Mukapemphera mofatsa."

"Lolemba nsalu adzakhala atachotsa kale."

"Chiliza sichithawa."

"Iwe supita lero?"

"Ndingapite bwanji? Thanki ikufunika kumaitembenuza, apo ayi phala lidzikundika mbali imodzi."

Limenelo linali bodza, ndipo onse awiri anadziwa. A Teleza anadzuka mogwira chipupa. Anavula nsapato zakutchalitchi, anazikulunga m'pepala n'kuziika m'kathumba, n'kuvala zapulasitiki zimene ankapita nazo kumunda.

"Mbaula ili ndi moto," anatero. "Chinangwa chili mumphika. Ukatuluka utseke, mbuzi za aneba zimalowa."

Anatsika pakhonde, n'kulowera njira yodutsa m'tiyi yopita kumsewu waukulu, akukoka mwendo pang'ono. Atayenda mizere khumi chifunga chinawabisa.

Chiliza anachivundukula Loweruka lomwelo masana. A Teleza anakwera matola mpaka pa Thekerani, ndipo mtunda wotsalawo anayenda pansi. Dixon sanawakweze pa njinga.